Khadi Losadziwa Ulemu

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu amawalumpha kuli dziko lotchedwa Indebwana, kumene munthu salankhula asanagwade ndipo salemba asanatamande. Mfumu ya kumeneko inali Sindilakwa Wachitatu. Agogo ake, Sindilakwa Woyamba, anali ndi mayina aulemu anayi okha, ndipo akuluakulu a kunyumba yachifumu amati n'chifukwa chake anafa msanga. Mdzukuluyu anali nawo makumi anayi ndi atatu: Njovu Yosatopa, Mvula ya pa Nthawi Yake, Tate wa Misewu Imene Ikubwera, Dzuwa Losafuna Jenereta, Mwini Mawa ndi Mkucha, ndi ena otero mpaka lomaliza, Wodzichepetsa Kuposa Onse.

Lamulo la Ulemu linkati cholembedwa chilichonse cha boma chiziyamba ndi mayinawa, onse, mwa ndondomeko yake. Chikwangwani chochenjeza za mlatho wogumuka wa pa mtsinje wa Tidzakonza chinali chotalika mamita asanu ndi anayi, ndipo mawu oti "imani" munthu ankawawerenga ali kale m'madzi.

Wophwanya lamuloli ankagamulidwa zaka zisanu m'Gulu Loomba. Anthu wamba ankaomba m'manja m'mbali mwa msewu masiku awiri pa mwezi, motsata mndandanda wa boma. A m'Gulu Loomba ankaomba tsiku ndi tsiku, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kaya Mfumu idutsa kaya sidutsa. Ankatulukamo zikhatho zitauma ngati chikopa cha ng'oma, zala zitakana kupinda, osathanso kugwira cholembera, singano, ngakhale batani la malaya awo.

Mtisunge Jere ankadyera zala zake. Anali atangotha zaka ziwiri chichokereni ku yunivesite, ndipo ntchito yake inali m'chipinda chapansi cha Nkhokwe ya Dziko, mmene munali kompyuta yaikulu yosunga kaundula wa anthu onse: obadwa, omwalira, okwatira, eni minda, ndi mndandanda wa oomba m'manja. Zonsezi zinali pa madisiki makumi asanu ndi limodzi, ndipo madisikiwo ankamvera khadi limodzi lobiriwira, laling'ono ngati chikhatho, lolowetsedwa m'mimba mwa kompyutayo.

Khadili linali ndi khalidwe limene Mtisunge ankalisirira: silinkasunga kanthu m'mutu. Magetsi akazima linkaiwala zonse, ngakhale zoti ilo ndi khadi. Magetsi akabwera, kapulogalamu kotchedwa dalaivala kankatenga fayilo ya malangizo, imene a ntchitoyi amati femuweya, n'kuithira m'khadimo. Khadi linkayang'ana zilembo zinayi zoyambirira, chizindikiro cha amene analipanga. Zikakhala zomwezo, linkameza malangizowo n'kudzutsa madisiki. Zikakhala zina, linkayatsa kagetsi kofiira n'kukhala duu. M'dziko lonse la Indebwana, chinali chinthu chokhacho chimene chinkayamba chaona kaye chisanavomere.

Tsiku lina kunatsikira woyendera wa ku Unduna wa Ulemu, bambo wa jekete lothina ndi kabuku ka malamulo kothaitha. Anatsegula mafayilo mmodzimmodzi monga mayi wosankha nyemba, mpaka anafika pa fayilo ya malangizo ija. Mtisunge anamufotokozera kuti imeneyo si kalata, palibe munthu amaiwerenga, ndi chakudya cha khadi. Woyenderayo anamvetsera mwaulemu, chifukwa ulemu ndiwo unali ntchito yake. Kenako anafunsa ngati fayiloyo ndi ya boma. Inali ya boma. Anafunsa ngati ndi yolembedwa. Inali yolembedwa. Anafunsa kuti imachita chiyani, ndipo Mtisunge, amene anaphunzitsidwa kuyankha funso monga lafunsidwira, anati imalamula khadi.

"Ndiye mukundiuza, chemwali," anatero woyenderayo, "kuti pansi pa nyumba ya Mfumu pali cholembedwa chimene chimalamula osatchula Mfumu?"

Anakoka mpando, nalemba mayina onse makumi anayi ndi atatu pamwamba pa fayiloyo ndi zala ziwiri, lilime lili panja. Palibe chinachitika, popeza khadi linali litadya kale malangizo ake ndipo silinali ndi njala. Woyenderayo analoza kagetsi kobiriwira, nati ophunzira ambiri amaopa ulemu ngati mankhwala owawa, koma taonani, makina omwe akondwa. Anamata chidindo pa chitseko n'kuchenjeza kuti wofufuta mayinawo akudziwa kumene adzapite.

Makina anakondwa masiku asanu ndi anayi. Lachiwiri la sabata ya chisangalalo, pamene Mfumu inkakwanitsa zaka makumi atatu pa mpando, magetsi anazima monga mwa nthawi zonse. Jenereta sinalire, chifukwa dizilo wake anali atabwerekedwa ndi magalimoto oyeserera mdipiti wa Loweruka. Magetsi atabwerera, dalaivala anatenga fayilo n'kupereka kwa khadi. Khadi linayang'ana zilembo zinayi zoyambirira, linapeza chiyambi cha Njovu Yosatopa, ndipo linayatsa kagetsi kofiira.

Lachitatu m'mawa Mtisunge anaitanidwa ku bwalo lachifumu. Nkhani inali itakula, pakuti popanda mndandanda palibe ankadziwa kuti Loweruka adzaomba m'manja ndani, ndipo Mfumu yodutsa mumsewu wa zii ndi chinthu chimene malamulo a Indebwana sanachiganizirepo. Aliyense wofuna kulankhula ankayamba watchula mayina onse aja, choncho m'mawa wonse analankhula anthu anayi. Mfumu inakhala pampando wake maso ali otseka theka, ikugwedeza mutu pa dzina lililonse ngati ng'ombe yoingitsa ntchentche.

Nduna ya Chitetezo inati khadilo likwapulidwe pagulu kuti makhadi ena atengerepo phunziro. Nduna ya Mgwirizano inatsutsa, niti njira yabwino ndi kulipatsa udindo wa wachiwiri kwa nduna, pakuti njira imeneyo yafewetsa kale otsutsa ambiri ouma mutu kuposa khadi. Itafika nthawi ya Mtisunge, anatchula mayinawo mosaphonya, kenako ananena kuti vutoli n'lothetsa m'mphindi imodzi: kungochotsa mayinawo pa fayilo.

Mlembi wa bwalo anaika cholembera pansi, nati dzanja lake silingalembe zimenezo.

Womaliza anali Olemekezeka Gwadireni, Nduna ya Ulemu, munthu wa mawu osalala ngati mafuta a nsatsi, amene mawondo a buluku lake ankasokedwa kawiri ndi telala wa boma. Iwo anati bwalo lisasocheretsedwe ndi chizungu cha ana a sukulu. Nkhani inali yachidule: khadi lapatsidwa mayina a Mfumu, ndipo lakana. Khadi silingamangidwe, poti lilibe manja. Koma galu akaluma mlendo, mlandu umapita kwa mwini galu. Chigamulo chinali choti pofika Lachisanu masana khadilo likhale litalandira fayiloyo ndi mayina ake onse, popanda kuchotsapo ngakhale kadontho, ndipo lidzuke. Kupanda kutero, Mtisunge Jere adzalowa m'Gulu Loomba zaka zisanu. Anamupatsa kalata ya chigamulocho, ya masamba atatu.

Sanabwerere ku ofesi. Miyendo inamutengera ku msika wa Pirirani, kumene azakhali ake, aNajere, ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi ogulitsa nyama. Msika unali ndi chimwemwe chimene Mtisunge anali asanachionepo. Amayi a tomato, amene tsiku lawo loomba linali lomwelo, anali pa mabenchi awo akuitanira malonda. Wogulitsa nyama anamulonjera ndi chikwanje m'mwamba, nati apongozi ake anamwalira Lolemba koma boma silinathe kuwalemba, choncho pa malamulo akadali moyo, ndipo abale sanayambe kukanganirana munda. Anati m'banja mwawo simunakhalepo mtendere wotero chikwatireni. Wina wa kaunjika anafunsa ngati khadilo lili ndi m'bale wake amene angatumizidwe ku ofesi ya ziphaso za msika.

ANajere anamupatsa chitumbuwa chamoto n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndamva kuti khadi lako lakana kugwada," anatero. "Lisiye ligone, mwana wanga. Likutipumitsa."

"Likagona mpaka Lachisanu, azakhali, ine ndikukaomba zaka zisanu."

ANajere anasiya kutembenuza zitumbuwa. Anagwira dzanja la Mtisunge, nalitembenuza uku ndi uku, nakumbutsa kuti zala zimenezi anazitchinjiriza ku khasu ndi ku mtondo kuyambira mtsikanayo ali sitandade wani, pamene ana anzake ankasenda chimanga iye atakhala pa mkeka ndi buku. Anati sanachite zonsezo kuti zikathere pa msewu. Kenako anafunsa kalatayo kuti aone ndi maso awo.

Atailandira, ananyambita chala, nang'amba masamba awiri oyamba osawayang'ana n'komwe, nawaika pa mulu wa mapepala okulungira zitumbuwa. Tsamba lachitatu analitsetsereka ndi chala mpaka pakati, n'kuyamba kuwerenga pamenepo. Mtisunge anayang'ana mulu uja. Unali wonse wa Njovu Yosatopa, mapepala ena ali kale ndi mafuta.

"Azakhali, mumadziwa bwanji poyambira?"

"Iwe ndi digiri yako sudziwa? Umangotsika mpaka upeze mawu oti 'Motero'. Pamenepo m'pamene boma limayamba kulankhula. Zapamwambazo n'zathu, zokulungira."

Anawonjeza kuti msika wonse umawerenga choncho, ngakhale amene sadziwa kuwerenga amadziwa maonekedwe a "Motero". Anati chaka chimene Mfumu inawonjezera mayina asanu ndi limodzi, ogulitsa usipa anasiya kugula nyuzipepala zakale.

Mtisunge anaiwala chitumbuwa m'manja. Chigamulo chinkati fayilo isachotsedwe kadontho. Sichinanene kanthu za dalaivala, amene amanyamula fayiloyo kupita nayo kwa khadi. Ndipo wonyamula katundu angathe kuphunzitsidwa kuwerenga ngati aNajere.

Lachinayi lonse anakhala m'chipinda chapansi chija. Anatsegula dalaivala n'kuwonjezeramo mizere khumi ndi umodzi: alandire fayilo yonse ndi manja awiri, atsike nayo mpaka apeze zilembo zinayi za chizindikiro, ndipo apereke kwa khadi kuyambira pamenepo. Anaiwerenga mizereyo kangapo, ndipo inamukongolera monga mwambi umene yankho lake lakhala pakhomo nthawi yonseyi. Ngakhale Mfumu itadzawonjezera mayina zana, dalaivala akanangotsika pang'ono. Tsono ku yunivesite anali ndi mphunzitsi amene ankati wolemba pulogalamu osasiya mawu ofotokozera ndi mfiti yolodza amene adzabwere pambuyo pake. Mtisunge sankafuna kulodza munthu. Pamwamba pa mizere yakeyo analemba mzere umodzi m'chilankhulo cha anthu: "Apa tayani zonse zopanda ntchito mpaka mupeze chizindikiro."

Lachisanu m'mawa, pamaso pa Olemekezeka Gwadireni ndi ojambula a wailesi ya kanema ya boma, anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Anaonetsa fayilo ili ndi mayina ake onse, kuyambira Njovu mpaka Wodzichepetsa. Kagetsi kanaphethira kawiri, n'kuyaka kobiriwira. Madisiki makumi asanu ndi limodzi anadzuka ndi mkokomo wa njuchi. A Gwadireni anauza ojambulawo kuti khadi lalapa, ndipo ichi ndi chizindikiro choti kuleza mtima kwa Mfumu kumafewetsa ngakhale chitsulo. Pofika masana mndandanda wa Loweruka unali utamatidwa pa chipata cha msika wa Pirirani, ndipo apongozi a wogulitsa nyama anali atamwalira mwalamulo.

Mtisunge anatuluka kukagula chakudya, akupinda ndi kutambasula zala zake ngati munthu amene wabwezeredwa katundu wobedwa. Pobwerera anapeza woyendera wa jekete lothina uja atakhala pa mpando wake. Bamboyo anali atakumbukira kuti dalaivala nayenso ndi cholembedwa cha boma, ndipo popeza chakonzedwa, chiyenera kuyenderedwa. Zilembo za pulogalamu sankazimva. Kwa iye zinali ngati mapazi a nkhuku pa mchenga. Koma pakati pa mapaziwo panali mzere umodzi umene ngakhale mwana wa sitandade thuu akanauwerenga.

Bwalo linakhalanso madzulo omwewo. Olemekezeka Gwadireni analankhula ola ndi theka. Anatchula mayina onse poyamba, anawabwerezanso pakati chifukwa cha kukula kwa mlandu, ndipo pa Dzuwa Losafuna Jenereta mawu awo ananjenjemera mpaka anapatsidwa madzi. Anati mtsikanayu waika kapolo pa khomo la khadi, kapolo wolandira mayina a Mfumu ndi nkhope yaulemu n'kukawataya kuseri. Anawerenga mzere uja mokweza, nati walemba ndi dzanja lake kuti mayinawo n'zopanda ntchito. Anati khadi losadziwa ulemu n'lokhululukidwa, poti linapangidwa kunja, koma mwana wobadwira ku Indebwana alibe pothawira.

Atakhala pansi, Mfumu inatsegula maso onse awiri, chinthu chimene nduna zina zinali zisanachionepo. Inakodola Mtisunge kuti asendere. Iye anagwada n'kuyamba: Njovu Yosatopa, Mvula ya pa Nthawi Yake. Mfumu inakweza dzanja.

"Yambira pa chizindikiro," inatero.

Mlembi anayang'ana a Gwadireni, a Gwadireni anayang'ana pansi.

Mfumu inafunsa kuti kapolo wakeyo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti adutse mayina onse. Mtisunge anati sipatha ngakhale kuphethira kwa diso. Inafunsa ngati salakwitsa, kutaya zofunika pamodzi ndi zinazo. Anati salakwitsa. Mfumu inasisita chibwano, kenako inaloza Nduna ya Ulemu ndi ndodo yake.

"Mkuluyu walankhula kuyambira dzuwa lili apo. Taya zotaya, mwana iwe. Chatsala n'chiyani?"

Mtisunge anati: "Akuti makina akugwira ntchito, Mfumu. Ndiponso akuti ine ndimangidwe."

"Basi?"

"Basi, Mfumu."

Inamuuza kuti achitenso chimodzimodzi ndi mawu a Nduna ya Chitetezo a Lachitatu, ndi a Nduna ya Mgwirizano. Anatero, ndipo zonse pamodzi sizinakwane mpweya umodzi. Mfumu inatsamira kumbuyo. Inanena, ngati ikulankhula yokha, kuti pa zaka makumi atatu yakhala pa mpando uwu, ndipo nthawi zambiri ikafika pa Wodzichepetsa Kuposa Onse imakhala itaiwala kale kuti munthuyo wabwerera chiyani. Inati chaka chatha inamva zoti mlatho wa Tidzakonza wagumuka patatha miyezi inayi, ngakhale kuti anthu atatu anabwera kudzainena nkhaniyo.

M'maganizo mwake Mtisunge anaona Lamulo la Ulemu likugwa pomwepo, zikwangwani zikufupika, woyendera uja akuvula jekete. Anayamba kale kuganiza kuti azakhali ake azikulungira chiyani zitumbuwa.

Kenako Mfumu inapereka chigamulo. Inati mtsikanayu ndi wolakwa, chifukwa lamulo analikhazikitsa ndi Sindilakwa, ndipo likanakhala lolakwika dzinalo likanakhala bodza. Zaka zisanu m'Gulu Loomba, kuyambira mawa. Koma inati sadzaombera ku msewu. Malo ake adzakhala kumbuyo kwa mpando wachifumu, pafupi ndi khutu lamanzere. Aliyense akamalankhula, iye aziomba monga mwa chilango chake, ndipo wolankhulayo akamaliza, azinong'oneza chimene chatsala. Dalaivala wa m'kompyuta asakhudzidwe. Mzere wamwano wokhawo ufufutidwe. Olemekezeka Gwadireni anaimirira n'kuyamikira nzeru za chigamulocho kwa mphindi makumi anayi.

Loweruka linacha bwino. Misewu inadzaza molingana ndi mndandanda, aNajere ali pa mzere wachitatu pafupi ndi sitolo ya matayala, akuomba ndi nsonga za zala monga amaombera anthu a mumsika. Pa bwalo la masewero, mlembi analengeza mphatso ya Mfumu kwa anthu ake pa tsiku lalikululi: popeza tsopano kumvera mayina sikunalinso kolemetsa, Mfumu yavomera modzichepetsa kulandira ena asanu ndi awiri, kuti akwane makumi asanu. Loyamba mwa atsopanowo linali Mfumu Yomva Msanga.

Zolankhula zinatenga maola asanu ndi limodzi. Nduna khumi ndi zinayi, kazembe mmodzi, mkulu wa asilikali, ndi woimira amayi amene anasankhidwa ndi abambo. Mtisunge anaima kumbuyo kwa mpando akuomba. Pofika ola lachitatu zikhatho zinali zitafiira, pofika ola lachisanu chala chapakati chinakana kupinda. Ankamvetsera mawu aliwonse monga dalaivala wake, akutsika, akutsika, kufunafuna poyambira.

Womaliza atakhala pansi, Mfumu inapendeketsa mutu kumanzere, maso ali otseka.

"Chatsala n'chiyani?"

"Palibe, Mfumu."

"Onse khumi ndi asanu ndi awiri?"

"Onse, Mfumu."

Mfumu inapuma mpweya wautali wa munthu wokhuta, niti zikutanthauza kuti dziko lili pa mtendere. Kenako inatsegula diso limodzi n'kuyang'ana manja a Mtisunge, amene anali ataima.

"Nanga wasiyiranji?"